Pensulo ya Kalipentala ndi Malabala a Komiti

Olemekezeka Abusa Aakulu a mpingo wathu, amene mwasiya misonkhano yanu kuti mudzakhale nafe. Olemekezeka Mphunzitsi Wamkulu wa sukulu ino ya alaliki pamodzi ndi aphunzitsi anzanu, ena mwa inu ndinakuphunzitsani ndevu zisanamere. Olemekezeka a Wapampando a komiti ya laibulale, inu musapite kutali, ndili nanu mawu. Olemekezeka abusa ndi amayi abusa, akulu a mpingo, ndi amayi a bungwe amene mwakhala mukukolopa ndi kupukuta sabata yonseyi. A kwaya, amene mwayimba bwino ngakhale munatalikitsa. Ophunzira athu, eni ake enieni a chipinda chimene tikutsegulachi. Amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa ndikayamba ndi zinazo ndiyiwala. Zikomo kwa amene munaumba njerwa ndi amene munatunga madzi, zikomo kwa amisiri amene munakhoma denga losadontha ndi kuyika mazenera aakulu oti munthu n'kuwerenga popanda kutsinzinira. Zikomo kwa aphunzitsi amene munalira chaka ndi chaka kuti sukulu ya alaliki yopanda laibulale ndi khitchini yopanda moto. Zikomonso pondikumbukira ine gogo wopuma ntchito, ndi kundipatsa mpando wofewa umene ndakhalapowu. Zonsezi ndazinena ndi mtima wonse.

A mlembi anandikonzera pepala la mawu oti ndinene pano. Mwana wanga, nesi uyu wakhala pambali pangayu, wandiwerengera m'galimoto. Ndi mawu okoma, muli kasupe wa nzeru, muli nyali ya mibadwo, muli zonse. Pepalalo ndalipinda, lili m'chikwama. Choyamba, maso anga anachita nkhungu, sindithanso kuwerenga. Chachiwiri, ndakwiya. Musayang'anane, mwamva bwino. Mlendo wanu wolemekezeka wakwiya, ndipo sizasi mwandipatsayi sindiyigwiritsa ntchito mpaka nkhani ina ithe pano pomwe, tonse tikuona. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Munandiyitana nokha.

Kwa amene simukudziwa, mabuku ambiri amene ali m'chipindamo anachokera m'nyumba mwanga. Tinawasonkhanitsa ine ndi malemu bambo a kunyumba moyo wathu wonse wa m'banja: Mabaibulo omasuliridwa mosiyanasiyana, mabuku ofotokozera Malemba, madikishonale, mapu, mabuku a Chihebri ndi Chigiriki, ndi chibuku chija cholemera ngati njerwa chimene chimalozera pamene mawu aliwonse akupezeka, chimene ophunzira mumachitcha konkodansi. Maso atayamba kundithawa, mwana wanga atanena kuti ndizikakhala kwake, ndinati mabukuwa asadyedwe ndi chiswe, apite kwa ana a sukulu. Ndipo ndinene poyera, mabukuwo sanali oyera. M'mphepete mwa masamba munali modzaza ndi zolemba za pensulo, dzanja la bambo ndi dzanja langa.

Lero ndinalawirira dala kuti ndikawaone mwambo usanayambe. Ndinali ndi buku limodzi mumtima, lofotokozera buku la Yobu, lachikuto chong'ambika. Ndimafuna kuti mwana wanga andiwerengere zimene bambo ake analemba patsamba lina. Tafika, chitseko n'chokhoma. Anthu apita kukawasaka a Wapampando. Atsegula chitseko, mkatimo makabati agalasi, kabati iliyonse ndi loko wake, ngati tikusunga mankhwala oopsa. Atulutsa mulu wa makiyi, ayesa awa, ayesa awo, mpaka bukulo latuluka. Ndalilandira, ndipo mphuno yanga ndiyo inayamba kudziwa. Buku limanunkha labala.

Mwana wanga anatsegula, anatembenuza masamba, kenaka anati, "Amayi, mulibe kanthu."

Ndinati, "Mulibe kanthu bwanji? Yang'ana bwino, kumanzere, m'munsi."

Anati, "Amayi, ndi poyera. Pangotsala zinyenyeswa za labala pakati pa masamba."

Pamenepo a Wapampando, akumwetulira ngati munthu amene wakonza tsogolo la dziko, anati, "Tawayeretsa, mayi. Anabwera akuda kwambiri, olembedwalembedwa, ndiye tinati mlendo wolemekezeka asadzaone manyazi amenewa. Amayi a bungwe agwira ntchito yotamandika, ena mpaka matuza m'zala. Yangotsala katoni imodzi kuseri kwa chitseko, imeneyo timaliza mawa."

Timaliza mawa. Abusa Aakulu, ine ndaphunzitsa pa sukulu ino mpaka imvi, ndamvapo ophunzira akumasulira Malemba mokhota mpaka ndinagwira kumutu, koma sindinamvepo mawu oopsa ngati amenewo. N'chifukwa chake ndati riboni idikire. Katoni yatsalayo ndiyo yokha imene muli dzanja la bambo, ndipo ine sindichoka pano ili m'manja mwa anthu a malabala.

A Wapampando, khalani pansi, sindinathe. Ndikudziwa kuti simunachite ndi mtima woyipa, ndipo n'chimene chikundipweteka kwambiri, chifukwa mdani ukhoza kumukalipira n'kugona tulo, koma wokukonda amene wakuwotchera nyumba pofuna kukuphera nsikidzi umutani? Tonse timakudziwani. Munali mphunzitsi wamkulu wa pulayimale, ana ankakutchani a Ukhondo, munkayendera zikhadabo ndi makope m'mawa uliwonse, ndipo mwana wolemba m'buku la sukulu ankadziwa chimene chimutsate. Ukhondo umenewo unathandiza ana ambiri. Koma mwautengera pamalo pamene suyenera.

Ndipo amayi a bungwe, musawerame mitu. Munauzidwa kuti fufutani, munafufuta, ndipo munafufuta bwino, mokhulupirika, monga mumachitira ntchito iliyonse ya mpingo. Funso langa ndi limodzi: pa gulu lonse lija, sabata yathunthu, panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kuyima n'kunena kuti kodi tawafunsa eni ake? Safunsa anadya phula. Lero phulalo talidya tonse.

Ndiloleni ndikuuzeni chimene munafufuta, kuti musaganize kuti gogoyu akulirira zokandakanda.

Bambo a kunyumba sanali m'busa. Anali kalipentala, munthu wa pensulo kukhutu, ndipo ine panthawiyo ndinali ndisanalote n'komwe kuti ndidzaphunzitsa alaliki. Mwana wathu woyamba, kamtsikana, anatisiya atangoyamba kuyenda. Anatentha thupi, ndipo posakhalitsa tinali pamaliro. Abusa anali kutali, ndiye anatumiza mkulu wina wa mpingo kuti alalikire. Anali munthu wabwino, wokonda Mulungu, koma analibe buku lina lililonse kupatula Baibulo lake, analibe womuphunzitsa, ndipo anamuuza m'mawa womwewo. Iye anaganiza kuti pamaliro pamayenera Yobu, poti Yobu anavutika. Anatsegula, chala chinagwera pa ndime ina, n'kuyimirira. Ndimeyo imanena zoti munthu wosalakwa sawonongeka, ndipo kuti wofesa zoyipa amakolola zomwezo. Anayiwerenga mokweza, anayibwereza, n'kutseka ndi mawu akuti atero Ambuye.

Ndinali nditakhala pamphasa pafupi ndi kabokosi. Ndinamva maso a anthu akutembenukira kwa ine. M'masabata otsatira, kumsika, pampopi, pakhomo la tchalitchi, anthu ankatsitsa mawu ndikamadutsa. Anachimwa chiyani awa? Ine ndemwe ndinayamba kudzifunsa. Ndinasiya kupita kutchalitchi, ndinasiya kupemphera, chifukwa ungapemphere bwanji kwa amene wakulanga pokulanda mwana, osakuuza n'komwe mlandu wako?

Bambo sanali munthu wolankhulalankhula. Anatenga Baibulo n'kupita nalo kushopu kwawo. Musaganize kuti ankadziwa kanthu. Ankasaka tchimo lathu, kuti mwina buku lomwelo liwauza. Poti sankadziwa poyambira, anayambira pachiyambi, monga amachitira ndi thabwa, kuliyang'ana kuchokera kunsonga mpaka kunsonga asanadule. Ankawerenga akadikira guluu kuti aume. Tsiku lina masana anabwera kunyumba utuchi uli m'tsitsi, nati, "Mayi, mawu aja sananene ndi Mulungu. Ananena ndi mnzake wa Yobu, wobwera kudzapepesa. Ndipo kumapeto kwa buku Mulungu akuwakalipira anzakewo kuti sananene zoona za Iye."

Ine ndinati, "Bambo, inu ndinu kalipentala. Musandinamize pofuna kundisangalatsa."

Iwo anati, "Nanenso ndikudzikayikira. Tiyeni tikafunse."

Tinapita kwa abusa ena okalamba, ophunzira bwino, amene anatikhazika pansi, natiwerengetsa buku lonse, natisonyeza amene akulankhula mutu uliwonse, kenaka anatulutsa pashelefu buku lofotokozera Yobu n'kutipatsa kuti likhale lathu. Limenelo ndilo buku loyamba la laibulale ino. Tsiku lomwelo bambo anachotsa pensulo kukhutu n'kulemba mawu m'mphepete mwa tsamba la ndime ija. Tanthauzo lake ndikulidziwa, koma mawu enieniwo, mmene anawayalira, anandithawa. Ndakalamba. N'chifukwa chake ndinalawirira lero kuti ndiwamvenso.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa matenda a mabuku, ndipo ndi matenda omwewo amene anandifikitsa ine ku sukulu mpaka kudzayima kutsogolo kwa kalasi. Bambo sanasiye kupala matabwa, koma sanasiyenso kulemba. Musaganize kuti zonse zimene ankalemba zinali zanzeru. Nthawi zambiri ankaphonya, ndipo ine ndinkawakonza pansi pake. Iwo amalemba kuti, "Wolemba bukuyu wasokoneza." Ine pansi, "Mwasokoneza ndinu, onani mapu, mzindawo uli kumpoto." Iwo pansi pake, "Chabwino, koma mchere unachepa dzulo." Sekani, nanenso ndinkaseka. Anthu ena amakangana kuchipinda, ife tinkakangana m'mphepete mwa kalata ya kwa Aroma. Theka la ukwati wanga linali m'masamba amenewo, ndipo lapita ndi tsache pamodzi ndi zinyenyeswa za labala.

Mphunzitsi Wamkulu, ndakumvani mukunong'oneza kuti pepani. Ndalandira, ngakhale pepani sapoletsa chilonda. Koma sindinayime pano kuti mundimvere chisoni. Madzi akatayika saoleka. Chimene chikundiwawa kuposa chisoni changa n'chakuti munafufuta phunziro lenileni limene ana awa anabwerera pano. Buku lofotokozera limakuuza yankho la wolemba. Zolemba za m'mphepete zimakuonetsa munthu wamba akulimbana ndi Malemba, akufunsa, akuphonya, akubwerera, akukonzedwa ndi mnzake. Mwana wa sukulu akaona zimenezo amadziwa kuti kufunsa si tchimo. Mwamupatsa masamba oyera, ndipo masamba oyera amamuuza kuti khala chete, loweza.

Tsono ophunzira, tcherani khutu, chifukwa zimene zinali m'mphepetemo ndikuuzani pakamwa, ndipo pakamwa panga palibe amene abwere ndi labala.

Funso limene bambo analilemba kambirimbiri kuposa lina lililonse ndi lakuti, akulankhula ndani? M'Baibulo amalankhula Mulungu, amalankhula aneneri, koma amalankhulanso mafumu oyipa, anthu okhumudwa, abwenzi opanda nzeru, ngakhale mdyerekezi amene. Zonse zinalembedwa kuti tiphunzire, koma si zonse zimene zinalembedwa kuti tizimvere. Ukadziwa wolankhula, funsa kuti akuuza yani, ndipo kunja kunkachitika zotani. Usadule vesi limodzi n'kuthawa nalo ngati galu wolanda fupa. Werenga za pamwamba pake, werenga za pansi pake, ndipo ngati buku ndi lalifupi, liwerenge lonse pakamodzi, mokweza, monga ankachitira amene analilandira poyamba. Kalata ya kwa amayi ako suyiwerenga mzere wapakati wokha.

Dziwanso mtundu wa chimene wagwira. Salimo ndi nyimbo, mwambi ndi mwambi, fanizo ndi fanizo, mbiri ndi mbiri. Ndinali ndi wophunzira wina, lero ndi m'busa wamkulu ndipo wakhala mzere wachiwiriwo, sindimuloza, amene anatha ulaliki wonse akufotokoza tanthauzo la bulu wa Msamariya, chishalo chake, ndi miyendo yake, mpaka munthu wovulala uja tinamuyiwala pamsewu. Abusa, musabise nkhope, munasintha, ndikunyadirani.

Ukatha kuwerenga wekha, tsegula Baibulo lomasuliridwa mwina, uliyike pambali pa lako. Pamene awiriwo asiyana, pamenepo pali ntchito, kumba. Tenga konkodansi uone kuti mawu amenewo wolemba yemweyo anawagwiritsa ntchito bwanji kwina. Tenga dikishonale. Tambasula mapu, uone kuti ulendo umene ukuunena mopepuka paguwawo unali wa mapiri kapena wa chigwa. Amene mwaphunzira Chihebri ndi Chigiriki, zigwiritseni ntchito kukhitchini, osati patebulo. Mpingo umafuna chakudya chakupsa, sufuna kuonetsedwa mipeni. Buku lofotokozera ulitsegule pomaliza, utavutika kale wekha, ndipo usatsegule limodzi lokha, chifukwa olembawo nawonso ndi anthu, amatsutsana, ndipo iwe uli ndi ufulu wokhala pakati pawo n'kufunsa. Kenaka pita kwa mnzako umuuze zimene wapeza, akutsutse lisanafike Lamulungu. Ndi bwino kuchita manyazi pamaso pa munthu mmodzi kusiyana ndi kuvulaza mpingo wonse.

Nanga inu mukuchita chiyani? Musaganize kuti poti sindiona ndiye kuti sindimva. Ndimakhala kumbuyo m'matchalitchi mwanumo. Mlaliki amasankha vesi ali m'basi, amakopera ulaliki wa munthu wa kutsidya kwa nyanja pafoni, mpaka nthabwala zake zomwe, n'kudzatiuza za chipale chofewa ife tikutuluka thukuta. Pamene mfundo yafooka amakweza mawu. Pamene mfundo yatheratu amayambitsa kolasi. Foni si yoyipa, muli Mabaibulo ambiri ndi madikishonale abwino mmenemo, ndipo mwana wanga amanditsegulira Baibulo lolankhula tsiku ndi tsiku. Koma foni ikupatse zida, isakupatse ulaliki. Mkulu wa pamaliro a mwana wanga ndinamukhululukira kalekale, chifukwa analibe pogwira. Inu muli ndi chipinda chodzaza. Inu mukadzachita zomwe zija kwa mayi wina wokhala pamphasa, mudzayankha chiyani?

Koma mugwira bwanji zida zili m'galasi? Ndayendamo m'chipindamo, ndapapasa ndi manja angawa, mwana wanga akundiuza zimene sindikuona. Mabuku mwawandandalika potsata msinkhu ndi mtundu wa chikuto, ofiira kwa ofiira, aatali kwa aatali, kotero kuti gawo loyamba la buku lofotokozera Yesaya lili kabati ya pakhomo, gawo lachiwiri lili kabati ya kuzenera, poti linasuluka ndi dzuwa. Mapu mwawapachika pafupi ndi denga kuti ana asawagwire, ndiye kuti wofuna kuona Yerusalemu abwere ndi makwerero. Kompyuta mwayifunditsa kansalu koluka, pamwamba n'kuyikapo maluwa apulasitiki. Pakhoma pali chikwangwani: osagwira popanda chilolezo. Ndipo makiyi amagona kunyumba kwa a Wapampando, amene amabwera kuno pokhapokha kukakhala msonkhano wa komiti. Kodi tamanga laibulale kapena manda? Bambo ankakana kukhoma zitseko pa mashelefu a kunyumba. Ankati kabati ndi ya mbale za alendo, buku limafuna fungo la manja.

Ndikudziwa yankho lanu, a Wapampando, ndipo si lopusa. Mukuti mabuku adzang'ambika, ena adzasowa, ena ana adzawajambula maluwa. Zoona. Ena adzang'ambika, tidzawamata. Pakhale munthu wokhala pakhomo masana onse, wobwereka azidziwika, wobweza azithokozedwa. Ndipo kulemba kumene ndikunena si kwa bolopeni, si kulemba dzina la chibwenzi, si kudetsa mawu a wolemba. Ndi pensulo, m'mphepete, funso kapena umboni, zoti wobwera pambuyo pako zimuthandize kapena azitsutse. Buku limene latha chifukwa chowerengedwa lafa imfa yabwino. Limene ladyedwa ndi njenjete lili lokhomeredwa, mlandu wake ndi wathu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine lero ndatsina ndithu.

Tsono tichite zinthu, dzuwa likupita ndipo a kwaya ayamba kuyasamula. Abusa Aakulu, ndikupempha chilolezo chanu. Mwagwedeza mutu, zikomo, mboni ndi anthu onsewa.

Ophunzira awiri amphamvu, pitani kuseri kwa chitseko mukatenge katoni ija, mubwere nayo pano patebulo. Musayikoke, inyamuleni. Amayi a bungwe, mbale ya chopereka iyende m'mizere yanu, koma lero tikufuna malabala okha. Onse. Mayi a kumapetoko, ndamva zipi ya chikwama ikutsekedwa, tsegulaninso. Ndipo a Wapampando, makiyi. Musandipatse ine, ndiwataya. Apatseni a Mphunzitsi Wamkulu, apite akachotse maloko onse, awabweretse pano tiwaone. Malokowo akatsekere nkhuku.

Yafika katoni? Ikani apa. Mwana wanga, tsegula buku lililonse, uwerenge chimene wapeza, ukweze mawu. Chiyani? Bwereza. Akuti, "Apa sindikumvetsa, ndifunsa mayi akabwera kumsika." Ndi iwowo. Ndi bambo ako amenewo. Dikirani pang'ono, amayi ndi abambo. Ayi, madzi sindikufuna, ndili bwino. Katoni iyi ikalowa m'chipindamo momwe ilili, ndipo wobwera ndi labala pafupi nayo adzakumana ndi ine, ndili moyo kapena ayi.

Latsala buku la Yobu. Lili m'chikwama mwanga, sindinalibweze m'mawa uja, ndipo a komiti mukhoza kulemba kuti loyamba kubedwa m'laibulale ino anaba ndi mlendo wolemekezeka. Nali. Bambo ankasindikiza pensulo ngati akulemba pathabwa, ndiye ndikapapasa apa ndikumva timizere, koma chala changa sichidziwa kuwerenga. Sindifunsa kuti anafufuta tsamba ili ndani. Sindikufuna kudziwa.

A Wapampando, mwayimiriranso? Ndati sindikufuna... Mwati chiyani? Apatseni chinkuzamawu. Ayi, akana, akuti ndinene ndine. Akuti tsamba limeneli anafufuta okha, ndi dzanja lawo, chifukwa linali lolimba, amayi linawakanika. Akuti asanafufute anawerenga. Akuti anakhala nalo nthawi yaitali, labala ali m'manja, kenaka anati lamulo ndi lamulo.

Munawerenga. Ndiye mukukumbukira? Nenani pang'onopang'ono, ndizibwereza kuti akumbuyo amve.

"Wolankhula pano si Mulungu."

Pitirizani.

"Werenga mpaka kumapeto."

Inde. Inde, ndi momwemo.

"Mwana wathu sanafere tchimo la munthu."

Ndi mawu ake amenewo, osachotsa, osawonjezera. Mwati palinso china? Pansi pake, dzanja lina, zilembo zing'onozing'ono? Akuti panalembedwa kuti, "Ndamva, bambo. Lamulungu tipitira limodzi." Zimenezo ndinali nditayiwala n'komwe kuti ndinalemba.

Mwawasunga bwanji mawu onsewa, a Ukhondo, inu amene munawafufuta? Mwati bwanji? Nanunso munayika mwana. Kalekale, musanabwere kuno. Ndipo nanunso anakuwerengerani ndime yomweyo. Achimwene, takhala mpingo umodzi zaka zonsezi, ine osadziwa.

Bwerani kuno. Bwerani, musaope, sizasi ndayika pansi. M'chikwama muno muli pensulo. Ndi yaifupi, yosongoledwa ndi mpeni, ili ndi mano a mwini wake kumapeto. Ndimayenda nayo kuyambira tsiku limene tinayika bambo m'manda. Gwirani. Khalani pampando wanga wofewawu, tsamirani patebulo. Pezani timizere tija, mulembe momwemo, mawu onse, anga omwe. Zilembo zikakhota, palibe kanthu, dzanja la bambo nalonso silinali lokongola. Sindikizani. Mukatha, pansi pake mulembepo anuanu, chilichonse chimene mwakhala nacho mumtima zaka zonsezi. Malo alipo ambiri, munayeretsa nokha.

Ophunzira, imirirani muone. Mphunzitsi wamkulu amene sanalolepo mwana kulemba m'buku akulemba m'buku, pamaso pa Abusa Aakulu, ndipo denga silinagwe. Masamba ena onse amene anayeretsedwa aja ndi anu. Bambo anayamba, komiti inafufuta, inu mukadzaze. Ndikadzabweranso ndidzapapasa, ndipo ndikadzapeza buku losalala ndidzadziwa kuti simukuwerenga.

Mwana wanga, ndigwire dzanja, undilozere pamene pali riboni. Atha kulemba? Asiyeni, asafulumire, tidula iwo akulemba.

Olemekezeka Abusa Aakulu, olemekezeka nonse, amayi ndi abambo: maloko ali patebulo, malabala ali m'mbale, pensulo ili m'dzanja. Ndi ulemu umene mwandipatsa, ndi mtima umene tsopano watsika, m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera, ndikulengeza kuti laibulale ya sukulu ino ya alaliki yatsegulidwa, ndipo isadzatsekedwenso dzuwa lili kunja. Lowani, mukadetse mabuku.

Zikomo kwambiri.